Tsiku Limene Ndinabwereketsa Mwana Wanga

Unamwino ndinaugwira zaka zambiri, ndipo anthu amene ndinawalakwira alipo ndithu, koma mmodzi yekha ndiye amandisowetsa mtendere mpaka lero. Anali dokotala wachinyamata wa ana pa chipatala china m'boma la Karonga, kumene ndinatumizidwa kuchokera kwathu ku Ntchisi m'nthawi ya chipani chimodzi.

Iye anali mwana wa komweko, kwawo cha ku Songwe, ndipo anali atangobwera kumene kuchokera ku sukulu kunja. Ife manesi tinkamuseka. Dokotala wanji wokhala pansi pa simenti ndi amayi, kumacheza nawo m'Chinkhonde ngati ali pamaliro? Lachitatu lililonse masana ankatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango, manesi ndi amayi pamodzi, kutiphunzitsa kusinja usipa ndi kuthira m'phala la mwana pamodzi ndi nsinjiro. Ankadula zithunzi zakale za ekisire kukhala timizere, n'kupaka utoto wofiira, wachikasu ndi wobiriwira. Ukakulunga kamzereko pamkono wa mwana n'kuthera pofiira, ndiye kuti mwanayo ali pangozi. Poyamba tinkati ndi masewera, koma posakhalitsa aliyense wa ife ankayenda nako m'thumba.

Chaka chimenecho tizilombo tinawononga chinangwa, ndipo madzi osefukira anakokolola mpunga. Ana ankabwera mapazi atatupa, tsitsi litafiira, osalira n'komwe. Dokotala ankalemba zonse m'buku lake: mudzi wa mwana, chimene wadya sabata imeneyo, kukula kwa mkono. Pamalo olemba chimene chayambitsa matenda ankalemba kuti njala. A metroni, amene ankatiyang'anira manesi tonse, anamuchenjeza kangapo konse kuti mawu amenewo salembedwa. Pamsonkhano uliwonse tinkauzidwa kuti m'dziko muno mulibe njala, ndipo tinkawomba m'manja. Wonena zina anali woukira.

Ndiye kunabwera kalata yochokera ku likulu. Akuti akufuna kulemekeza madokotala achinyamata a ana amene achita bwino pa kafukufuku, pa kuphunzitsa ndi pa kulankhulira ana. Wathu anasankhidwa. Akuluakulu adzabwera okha kudzamupatsa satifiketi, komanso malo okapitiriza maphunziro a matenda a ana kunja. Malo amenewa ndiwo dokotala wathuyo ankawalakalaka ndi mtima wake wonse. Anandiuza akuseka kuti, "Asisitala, ndikakabwerako, wodi ino simudzaizindikira." Kulankhulira ana! Mawu amenewo a m'kalata ija sindiwaiwala.

M'mawa wa tsikulo dokotala anatumidwa ku boma kukachingamira alendo. Atangochoka, a tcheyamani a chipani a deralo analowa m'wodi kudzaona ngati takonzeka. Anayenda bedi ndi bedi, nkhope ikunka nida.

"Alendo aone zimenezi? Mukufuna kunyozetsa boma imwe?"

Analamula kuti ana onse otupa ndi onyentchera apite kuseri, kukhitchini kumene osamalira odwala ankaphikira. Tinawanyamula ndife. Ine ndinanyamula kamtsikana ka zaka zitatu kamene tinkakamwetsa mkaka kudzera m'kachubu ka m'mphuno, mayi wake akunditsatira osamvetsa, akungofunsa m'chinenero chake chimene ine sindinkachidziwa bwino. Ndinakagoneka pamphasa, mu utsi.

Koma mabedi opanda anthu nawonso sakanaoneka bwino. A metroni anati aliyense amene ali ndi mwana kunyumba akamutenge. Ine ndinali ndi mwana wamkazi wa zaka zinayi, wonenepa bwino, chifukwa kwathu ankanditumizira chimanga. Ndinamusambitsa, ndinamugoneka pabedi pa kamtsikana kaja, n'kumuuza kuti, "Ugone phee. Usandiitane. Ukatero ndikugulira switi." Sindinakakamizidwe ndi mfuti ayi. Ndinapita ndekha, ndi miyendo yanga.

Alendo anafika cha m'ma leveni, amayi a chipani akuvina pageti. Dokotala analowa nawo m'wodi atavala tayi, kwa nthawi yoyamba chimuonere. Anaima pakhomo. Anayang'ana mabedi, anayang'ana ine, ndipo ndinazyolika. Mkulu wa alendowo, bambo wa magalasi ndi suti yakuda m'kutentha kwa Karonga konse kuja, anafika pabedi pa mwana wanga n'kumutsina tsaya.

"Taonani masaya awa! Iyi ndiye ntchito imene tabwerera. Adokotala, mwana uyu anabwera ndi vuto lanji?"

Akanangoti malungo, basi. Liwu limodzi, satifiketi n'kulandira, n'kukwera ndege. Mumtima ndinkamupempha kuti aname ngati ife tonse.

"Bwana, mwana uyu sakudwala," anatero. "Ndi mwana wa asisitala awa, ndimamudziwa. Odwala anga sindikuwaona muno. Ali ndi njala, ndipo ndikupempha kuti muwaone kumene awabisa."

A tcheyamani anaseka kaseko kouma, n'kunena kuti mnyamatayu sukulu yamuzunguza mutu, kunja anamuphunzitsa kunyoza dziko lake. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Amayi, tauzani alendo. Mwana uyu ngwanu?"

Ndinali kutali ndi kwathu, mwamuna wanga anali kalaliki wa boma, ndipo tonse tinkadziwa za anthu amene anatengedwa osabwerako. Zifukwa ndili nazo zambiri, ndaziwerenga kwa zaka zonsezi, ndipo palibe chimene chimandikhutitsa. Ndinati, "Iyayi, bwana. Si wanga. Ndi wodwala."

Mwana wanga anandiyang'ana. Sanandiitane, monga ndinamuuzira.

Dokotala sananditsutse. Akanatha kuitana aliyense, ngakhale wosesa, kuti achitire umboni, koma anadziwa chimene chikanandigwera. Anangovula tayi, n'kuika m'thumba, n'kutuluka kupita kukhitchini kuja, chifukwa nthawi yomwetsa mkaka inali itapitirira. Palibe mlendo amene anamutsatira. Alendo onse anapita kukadya mpunga ndi nyama ya mbuzi, ndipo ife tinawaperekera madzi osamba m'manja.

Satifiketi inabwerera m'chikwama chimene inabweramo. Malo a sukulu anapatsidwa wina, amene ndinamva kuti ankadziwa kuyankhula bwino pamaso pa akuluakulu. Buku la dokotala lija akuluakulu analilanda. Pasanathe milungu itatu dokotala analandira kalata yomuchotsa ntchito, akuti chifukwa cha mwano. Ena ankati ali ndi mwayi kuti zathera pomwepo, ndipo mwina ankanena zoona. Mwayi wake unali umenewo, munthu amene anatiphunzitsa zonse zimene tinkadziwa za mwana wanjala. Kamtsikana ka kachubu kaja kanamwalira iye atachoka, ndipo pa pepala lake ndinalemba ndi dzanja langa kuti malungo.

Tsiku lonyamuka dokotala anandipeza ndikutsuka mabotolo. Ndinkayembekeza kuti andilalatira, ndipo ndikanakonda akanatero. M'malo mwake anandipatsa mpukutu wa timizere take ta ekisire.

"Muziwayezabe, asisitala. Ngakhale osalemba, muziwayeza."

Sindinamuonenso. Ndinamva kuti anawoloka mtsinje wa Songwe n'kukagwira ntchito ku Tanzania, koma sindikudziwa ngati n'zoona. Masiku ano ndimamva pa wayilesi madokotala achinyamata akulandira mphoto za kulankhulira ana, anthu akuwomba m'manja. Ndimawafunira zabwino, koma wayilesiyo ndimatseka, chifukwa ndimapsa mtima. Woyamba amene ndinamuona akulankhuliradi ana anapatsidwa chikalata chomuthamangitsa, ndipo ine ndinathandiza nawo. Ndinapuma pantchito ndi ulemu wonse, mpaka anandichitira phwando.

Madzulo a tsiku la alendo lija switi ndinagula, monga ndinalonjezera. Mwana wanga anailandira koma sanadye. Anaifumbata m'manja mpaka inayamba kusungunuka. Kenaka, ndikumusambitsa m'manja momatamo, anandifunsa mwakachetechete ngati akuopa kuti a tcheyamani amva.

"Amama, tsopano ndikhoza kukuitanani?"