Kuperekeza Agogo Kukachira ku Balaka

Tinanyamuka kwathu, kuseri kwa Kasupe, m'mamawa wa tsiku lina m'chilimwe, patapita zaka zitatu chithere njala yaikulu ija. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Ndinkaperekeza agogo, amene anandilera kuyambira tsiku limene amayi anamwalira pobereka ine. Agogowo anali ndi pakati. Agogo aamuna anali atabwerako ku Halale kumene anakhalitsa, ndipo agogo atasiya kusamba anangoti ndi ukalamba. Anazindikira mwana atayamba kugunda.

Pamudzi anthu ankaseka kuti munthu wa mdzukulu wotha msinkhu angaberekenso bwanji. Ine sindinkaseka. Miyendo yawo inatupa moti ukadina chala pankatsala dzenje, mutu sunkaleka kuwawa, ndipo azamba anati ndi tsempho, wina wathira mchere m'ndiwo ali kumwezi. Winayo ndinali ine. Ndinaiwala kamodzi kokha, ndipo sindinauze munthu. Ndinkaona kuti agogo akafa, ndawapha ndine.

Malume, amene ankagwira ntchito ya njanji ku Balaka, anatumiza mawu kuti tibwere nawo kuchipatala cha mishoni. Agogo aamuna anawakankha akazi awowo panjinga mpaka kumsewu, nabwerera, poti za uchembere si za amuna. Dzuwa litakwera pang'ono inafika lole ya mmwenye itasenza matumba a nandolo. Tinalipira masheleni awiri aliyense. Dalaivala anayang'ana mimba yanga, kenako ya agogo, nawatsegulira chitseko chakutsogolo.

Ine ndinakwera pamwamba pa matumba, pafupi ndi amayi awiri a nkhuku m'dengu. Atamva kuti akutsogolowo ndi agogo anga, mmodzi anaseka mpaka kugwira dengu, nati iyenso anabadwa amake ali ndi imvi ndipo mpaka lero sanadwalepo. Mnzake anati mkulu wake anatupa chomwecho, anakomoka ngati wa khunyu, ndipo anaikidwa ndi mwana yemwe. Anatsutsana m'Chiyao mpaka kutsika phiri. Ndinkafuna kufunsa ngati kwa mkulu wakeyo kunapezeka wothira mchere, koma ndinaopa kudziulula.

Masana tinafika pa Liwonde. Lole inakwera pantuni, chibwato chachikulu chowolotsa magalimoto pa Shire, ndipo amuna ankakoka chingwe akuimba, osasamala mvuu zimene zinkatulutsa mphuno chapafupi. Ndinagula chinangwa chootcha cha tiki, makobiri atatu. Agogo analuma kawiri, nandiuza motsitsa kuti akuona tinyenyezi m'maso. Ndinawanyowetsa nkhope ndi madzi a mu Shire.

Tsidya linalo kunali malambe, minda ya thonje yokolola kale, ndi fumbi lolowa mpaka m'mano. Ku Balaka tinafika dzuwa litapendeka. Malume, bambo wa ana atatu, analonjera amayi awo maso ali pansi, ngati wolakwa ndi iwo.

Kuchipatala tinalandiridwa ndi namwino wachikulire. Anafunsa zaka, agogo anati sadziwa. Anafunsa mimba, anati ino ndi yakhumi. Anawamanga lamba pamkono napopa, kenako anawiritsa mkodzo wawo m'kabotolo pamoto, ndipo unachita mbuu ngati mkaka. Ndinasuzumira kwambiri moti anandikankha ndi chigongono. Anati agogo agone pomwepo mpaka atachira, asagwire ntchito, ndipo asadye za mchere.

Nditamva za mchere, ndinaulula zonse ndili chiimire.

"Mchere wako wa tsiku limodzi?" anatero namwino. "Iyayi mwanawe, izi ndi zaka. Thupi likakula, komanso likabereka kambiri, magazi amathamanga, miyendo imatupa, mwana amafulumira kutuluka. Pano timawaona ambiri, ena alibe n'mdzukulu yemwe wowathirira mchere. Mukanachedwa sabata ina, bwenzi tikukamba zina."

Agogo anatembenuka pabedi nati, "Ndinakuona tsiku lija, iwe. Ndinadya dala kuti usachite manyazi."

Patatha masabata atatu anachira, mwezi wake usanakwane. Anataya magazi ambiri ndipo anagonanso masiku khumi, koma anadzuka. Mwana anali wamkazi, wochepa moti ankakwana m'manja awiri a namwino.

Pobwerera agogo analibe mphamvu, choncho mwanayo ndinamubereka kumsana ndine. Pa pantuni anthu ankandiyamikira kuti ndachira bwino, ine n'kumayankha kuti awa ndi mayi anga aang'ono. Ulendowu unandiphunzitsa kuti matenda ena alibe mwini, amangobwera ndi zaka, ndipo chimene chimafunika n'kunyamuka msanga. Ine ndinataya mwezi wathunthu ndikudziimba mlandu chamumtima, miyendo ya agogo ikutupirabe.