Pulasitala pa Chidendene

Pamsewu wawo amangomuitana kuti Atelala, ngakhale ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu zokha. Sekondale anaisiyira panjira, n'kukaphunzira kusoka kwa azakhali ake. Makina ake amakhala pakhonde, atayang'ana kugeti. Anthu amati anawaika choncho kuti aziona makasitomala akamabwera, koma zoona zake n'zakuti amafuna diso limodzi likhale pa singano, lina pa mwana wake wa zaka ziwiri. Mapini amawawerenga m'mawa, n'kuwawerenganso poweruka. Imodzi ikasowa amakwawa pansi mpaka aipeze. Mwamuna wake, yemwe amayendetsa lole ndipo amatha masabata ali pa ulendo, amamuseka kuti tsiku lina adzamuveka mwanayo chipewa cha njinga yamoto pomudyetsa.

Ndi mwamunayo amene anabwera ndi galu. Anamutsitsa m'lole akadali kamwana, wakuda ndi woyera, makutu ali tcheru.

"Wa mtundu uyu, mayi a mwana. Kwawo amaweta nkhosa. Nzeru zake zimaposa za alongo anu aja."

Anamutcha Liwiro.

Koma nkhosa panalibe. Panali kabwalo kakang'ono, chingwe choyanikapo zovala, ndi mwana amene anali atangophunzira kuthamanga. Liwiro atakula anayamba kuweta mwanayo. Mwana akangoti athamange, galu amanyata pansi, maso osaphethira, kenako amamuzungulira, kumutsekera njira, n'kumugwira kachidendene ndi mano akutsogolo. Pa tsiku la katemera Atelala anafunsa dokotala wa ziweto.

"Si nkhanza, mayi, ndi magazi ake," anatero dokotalayo. "Chilichonse chothamanga, kwa iye ndi nkhosa yosochera. Muziyenda naye mtunda wautali m'mawa ndi madzulo, muzimuponyera mpira mpaka atope. Ndipo mwana akamathamanga, galu azikhala kuseri kwa mpanda."

Atelala anavomera zonse. Koma ndani akanayenda mtunda wautaliwo, madiresi a anthu akudikira, mwana ali kumsana?

Lachiwiri lina mano a galu analowa pa chidendene cha mwana. Timabala tiwiri, magazi pang'ono, kulira kwambiri. Atelala anamutsuka mwanayo pabalapo ndi sopo, galu atagona pafupi, mchira ukugunda pansi ngati wagwira ntchito yabwino. Mwamuna wake anali kutali. Pomwe madzi a m'beseni amatayidwa, Atelala anali ataganiza kale za munthu woti am'patse galuyo.

Munthuyo anali Aphunzitsi, mayi wamasiye wopuma pa ntchito, kasitomala wake wakale. Amakhala okha misewu itatu kumtunda, m'nyumba ya bwalo lalikulu, ndipo m'mawa uliwonse amayenda wapansi chifukwa cha mawondo awo. Nthawi zonse akabwera kudzayezetsa amamusisita Liwiro kumutu.

"Mukundipatsadi? Nanga vuto lake n'chiyani? Saluma?"

"Ayi, Aphunzitsi. Malo chabe atichepera."

Tsiku limenelo kunali kotentha, koma mwana anali atamuveka masokosi. Anapereka unyolo, mbale, ndi khadi la katemera. Galu anapita akucheukacheuka. Atelala anadziuza kuti kumeneko kulibe mwana, ndiye palibe amene angapweteke. Mwamuna wake atamva pa foni anafunsa kuti, "Za kuluma zija mwawauza?" Iye anati, "Ndawauza." Bodza loyamba linabala lachiwiri asanaike n'komwe foni pansi.

Panapita miyezi itatu. Mwana amathamanga pabwalo momasuka. Atelala akamuona Liwiro akudutsa ndi Aphunzitsi m'mawa, amaweramira makina ngati ulusi wakodwa.

Tsiku lina masana Aphunzitsi analowa pageti atagwira dzanja kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, dzanja linalo atanyamula yunifolomu.

"Mdzukulu wanga uyu. Amake apeza ntchito kutali, ndiye tizikhala tonse. Tamufupikitsireni iyi. Koma musadule, mungopinda. Anthu awa amakula ngati udzu wa dzinja."

"Akhala nanu kunyumba?"

"Nanga kuti, pamtengo? Sabata yachiwiri ino."

Atelala anamuveka mtsikanayo yunifolomu, n'kumuimika pa kampando. Aphunzitsi anapita kumapeto kwa khonde kukacheza ndi mwana wa Atelala, yemwe amawaonetsa galimoto yake yopanda matayala. Atelala anagwada, tepi ili m'khosi, n'kuyamba kupinda mpendero. Atafika kumbuyo, anaona pulasitala pa chidendene chakumanzere, yomatidwa mokhota, mbali imodzi itamatuka.

"Apa chachitika n'chiyani?"

"Nsapato zatsopano zimenezo," anayankha Aphunzitsi osacheuka. "Wadzimata yekha. Tili ndi namwino m'nyumba."

Atelala anatukula pang'ono mbali yomatukayo ndi chala. Timabala tiwiri. Mpata wa pakati pake sanafunike tepi kuti auyeze. Amaudziwa.

Mtsikanayo anawerama ngati akuyang'ana mpendero, n'kunong'ona.

"Anti, musanene. Ndinkathamanga ndine. Agogo akadziwa amuchotsa. Ndilibe mnzanga wina kuno."

Atelala anamatanso pulasitalayo. Anabaya pini ina, ndi inanso. Kukhala chete kunali kosavuta: mwanayo akufuna zomwezo, Aphunzitsi akhulupirira za nsapato, yunifolomu atenga Lachisanu. Akalankhula, galu akhoza kubwerera pabwalo lake mawa lomwe, ndipo msewu wonse udziwa kuti Atelala amanama akuyang'ana munthu m'maso. Anazungulira mpendero wonse, n'kufikanso pa chidendene chija. Anaganiza za mtsikanayo akuthamanga pabwalo lalikulu lija, galu ali m'mbuyo. Mwana wothamanga amagwa. Akagwa, chimene chimakhala pafupi ndi mano si chidendenenso.

Anaimirira, mawondo akuwawa.

"Aphunzitsi, si nsapato izi. Ndi Liwiro."

Mtsikanayo anakoka yunifolomu kuichotsa m'manja mwa Atelala. Aphunzitsi anabwera pang'onopang'ono, anavala magalasi, n'kumatula pulasitala yonse. Anayang'ana kwa nthawi yaitali.

"Mwadziwa bwanji?"

Atelala anamunyamula mwana wake, n'kumuvula sandasi. Zipsera zinali zitayera, koma zinalipo, ziwiri.

"Ndi chifukwa chake ndinakupatsani. Adokotala anandiuza kuti mtundu wake umaweta chilichonse chothamanga. Ndinaopa kuti mukadziwa mukana, ndiye akhalabe pano."

"Ndinakufunsani."

"Munandifunsa."

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikufunsa ana kuti waswa windo ndani, ndipo wabodza ndimamuona asanatsegule pakamwa. Inu mwandipusitsa ndi masokosi." Anavula magalasi aja. Mawu awo sanakwere, ndipo zimenezo zinapweteka kuposa kukalipa. "Mwana wanga, mukanandiuza ndikanamutengabe. Waya wogawira bwalo pakati ali m'shedi chimwalirireni bambo. Bwenzi nditamangitsa mpanda mwanayu asanafike. Masabata awiri onsewa ndimawasiya awiriwa panja, ine ndili m'khitchini, ndikusangalala kuti akuthamangitsana."

Mtsikanayo anali akulira mwakachetechete, atayang'ana khoma.

"Agogo, musamuchotse."

"Ndani wanena zochotsa? Iwe tikukaonetsa bala kuchipatala, khadi la katemera la galuyu lili m'kabati. Ndipo za kubisa kwako tikambirana panjira." Anatembenukira kwa Atelala. "Galu sindikubwezerani, musaope. Simungamuthe, ndipo iye sanalakwe kubadwa mmene alili. Koma zonse zimene adokotala anakuuzani mundilembere apa. Zonse, osasiya zimene zikukuchititsani manyazi."

Atelala anang'amba tsamba m'buku lake la miyezo. Analemba za mtunda wautali, za mpira, za mpanda. Analemba kuti galuyo akanyata pansi maso osaphethira, mwana aime chilili, asathamange. Analemba kuti amatero kwambiri akakhala tsiku lonse osatuluka. Anadabwa kuti amadziwa zambiri chonchi, ndipo zonsezo anali atazisunga miyezi itatu.

Aphunzitsi anawerenga tsambalo mpaka pansi, ngati akuchonga mayeso, n'kulipinda. Anamuvula mtsikanayo yunifolomu, naipinda mapini ali momwemo, n'kuiika m'chikwama.

"Ndiisoke lero lomwe, Aphunzitsi. Sitenga nthawi."

"Ndiona kaye."

Anatuluka pageti. Mtsikanayo sanatsanzike.

Poweruka Atelala anakhuthulira mapini patebulo n'kuwawerenga monga mwa masiku onse. Anasowa khumi ndi anayi. Sanakwawe pansi, amadziwa kumene ali. Anatseka kachitini ka mapini, anakhazika mwana pamiyendo, n'kuimbira mwamuna wake. Foni inaitana kanayi asanayankhe, injini ikumveka kumbuyo.

"Bambo a mwana, taimani kaye pambali. Tsiku lija munandifunsa ngati ndinawauza Aphunzitsi."