Mapilitsi a Chimanga m'Laibulale ya a Sakala

A Boniface Sakala si mphunzitsi, koma ana a pa sekondale yathu yoyendera ankawaopa kuposa aphunzitsi tonsefe. Ndi mlimi wa fodya ndi mtedza wa kwa Mkanda, amene sukulu anailekezera Fomu 2 kalekale. Komiti ya makolo inawapatsa makiyi a laibulale chifukwa ankadziwika kuti chinthu chikalowa m'manja mwawo sichisowa. Ine ndinawapeza ali kale pantchitoyo, nditabwera kuchokera kwathu ku Ntcheu kudzaphunzitsa Chichewa.

Ndikati laibulale musaganize za chinyumba chachikulu. Ndi chipinda chimodzi kumapeto kwa buloko ya Fomu 4, cha mashelefu a bulugama, matebulo ndi mabenchi. Mabuku ambiri ndi amphatso ochokera kunja, okamba za chisanu cha kwa azungu chimene mwana wa kuno sadzachiona. Ofunika pa mayeso a MSCE, monga a Bayoloje ndi Masamu, ndi owerengeka, ndipo ana amachita kulimbirana.

Ndinene mosapsatira, a Sakala anali munthu wamantha, ndipo mantha awo onse anali pa mabuku. Ankaopa akuba, ankaopa fumbi, ankaopa zala zamafuta a zitumbuwa. Ankaopanso makolo osuta chingambwe, amene tsamba la buku amangoliona ngati pepala lopichirira fodya. Choncho anaika lamulo lakuti buku silidutsa pakhomo ndipo mazenera satsegulidwa. Wophwanya lamulolo sankapondamonso teremu yonse, ndipo kwa mwana wopanda buku kwawo, kumeneko kunali kumulepheretsa mayeso.

Amene anachimva kuwawa chilangochi ndi Maliko, mnyamata wofatsa wa mayi wamasiye, wofunitsitsa kudzakhala namwino. Ali Fomu 3 anatuluka ndi buku kukawerengera pakhonde chifukwa m'katimo munkatentha. A Sakala anamuletsa teremu yathunthu. Ndinakamupepesera, koma iwo anangogwedeza makiyi awo. Maliko atabwerera ankakhala pakona, osakweza ngakhale mutu.

Mdani amene ankawasowetsa tulo a Sakala anali chiswe. Chaka chatha mvula italekeza, anatsegula buku la Jogalafe n'kupeza m'kati muli dothi lokhalokha. Atasuntha shelefu anaona njira za chiswe zitakwera khoma lonse. Anathamangira kwa ahedi, ahedi n'kuwauza kuti adikire msonkhano wa komiti. Kodi chiswe chimadikira komiti?

A Sakala anachita zimene amachita ndi chimanga chawo. Anakagula kwa mavenda mapilitsi aja oika m'matumba kuti anankafumbwe afe. Mapilitsi amenewa amatulutsa mpweya wakupha, ndipo kuno aliyense anamvapo za anthu amene anagona pafupi ndi matumba otere osadzukanso. Iwo ankazidziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake anasankha Lachisanu ana ataweruka. Anaika mapilitsiwo kuseri kwa mashelefu, natseka mipata ya mazenera ndi nsanza, nakhoma chitseko, kuti Lolemba adzalawirire kutsegula mpweyawo utuluke. Sanauze munthu, poopa kuti ahedi awakaniza.

Koma panali kiyi wachiwiri. Mayeso atayandikira anali atamupereka kwa Esitele, mtsikana wa Fomu 4 amene ankamukhulupirira, kuti iye ndi anzake aziwerenga Loweruka. Lachisanulo a Sakala anafuna kumuchenjeza, koma anapeza atapita kale, ndiye anati adzera kwawo m'mamawa. M'mamawamo lole yonyamula fodya inafika mosayembekezeka, ndipo mlimi akaona lole ya fodya, zina zonse zimachoka m'mutu.

Loweruka limenelo ndinapita kumsika kwa Mkanda, n'kuwapeza a Sakala akukweza mabelo a fodya, thukuta lili kamukamu. Ndinafuna kungowaseleula.

"Koma muli ndi ana akhama, a Sakala. Inu muli pa fodya, iwo ali pa mabuku anu. Ndawasiya akulowa m'laibulale."

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. "Nthawi yanji, madamu?"

"Dzuwa likungotuluka."

Anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litatsala pang'ono kufika paliwombo.

"Mayo ine, ndapha ana a eni! Muli mapilitsi a chimanga m'menemuja!"

Belo analisiya pansi pomwepo n'kulumphira panjinga. Nanenso sindinachedwe. Ndinakodola wakabaza, tomato wanga ndinamuiwala pa benchi la wogulitsa. Njira yonse ndinkangoona msana wa a Sakala ukutalikira m'fumbi. Ndinayesa kupemphera koma mawu sankabwera, m'mutu munkangobwera nkhope za ana amene ndinawaona m'mawa, mmodzimmodzi. Sindinachitepo mantha otere chibadwire.

Titafika tinaona njinga za ana zitatsamira khoma la laibulale. Chitseko chinali chotseka, mazenera otseka, pasukulu pali zii. A Sakala anaitana Esitele ndi mawu osasa, koma panalibe woyankha. Anaitananso. Kenaka mtsikanayo anatulukira kuseri kwa buloko, kumene kuli mtengo wa mango, nagwada pansi. Kumbuyo kwake anzake ankabisa mabuku m'masiketi ndi m'malaya.

"Pepani bambo, talakwa, tatulutsa mabuku," anatero Esitele. "M'katimo mukununkha ngati nsomba yowola. Mitu inayamba kutiwawa, wina mpaka wasanza. Chonde musatiletse, mayeso ayandikira."

"Za mabuku zisiye, mwana wanga. Mwatuluka nonse?"

Esitele anayang'ana anzake. "Kupatula Maliko. Tinamuuza, koma wakana. Akuti iye sangatulukenso ndi buku, ndipo sangalisiye asanamalize."

A Sakala anavula shati n'kudzimanga kukamwa. Anatola njerwa naphwanya magalasi a mazenera amene anawasunga otseka zaka zonsezi, kenaka analowa. Ine ndinaima patali nditagwira ana kuti asawatsatire. Anatuluka atamunyamula Maliko paphewa, manja ali lendelende. Anamupeza atagonetsa mutu pa buku la Bayoloje.

Ankapuma, koma movutikira, ndipo sankayankha. Tinamukhazika pakaliyala n'kumumangirira kumsana kwa a Sakala ndi chitenje changa. Ana enawo anatsatira panjinga zawo, chifukwa nawonso anafunika kuonedwa kuchipatala.

Enawo anawapima n'kuwauza kuti akhale panja pamphepo, koma Maliko anamulowetsa m'kati. Tinakhala pakhonde la chipatala masana onse. Chitseko chikangotseguka ndinkaimirira. Mayi ake anafika wapansi kuchokera kudimba, matope ali kumapazi. A Sakala anagwada pamaso pawo nafotokoza zonse, osabisa kanthu.

"Ndili naye yekhayo," anatero mayiwo. Sanatukwane, sanalire, anangokhala pansi n'kuyang'ana chitseko chija. Ine ndinaona kuti bola akanatukwana.

Dzuwa litapendeka namwino anatuluka n'kunena kuti mnyamatayo watsitsimuka, ndipo atumizidwa kuchipatala chachikulu kuboma kuti akamuonetsetse. Mayi ake analowa. Patapita kanthawi anasuzumira pakhomo.

"A Sakala, akuti akufuna inuyo."

Analowa mozengereza, ine pambuyo pawo. Maliko anali chigonere, maso ofiira, milomo youma. Ataona a Sakala anayesa kudzuka monga ankachitira iwo akalowa m'laibulale.

"Bambo," anatero motsitsa, "buku lija ndalisiya patebulo. Sindinatuluke nalo."

A Sakala anagwira chitsulo cha bedi. Apo ndinaona bambo wamkulu akulira ngati mwana pamaso pa odwala onse.

Maliko anachira ndipo mayeso analemba. A Sakala anakatula makiyi kwa ahedi, koma pamsonkhano wa makolo amene anaimirira n'kunena kuti awabwezere anali mayi a Maliko omwewo, ndipo anawabwezeradi. Lero mashelefu anawachotsa kukhoma, ndipo a Sakala amasesa kuseri kwake m'mawa uliwonse kusaka njira za chiswe. Ana amawerengera pansi pa mango uja. Mantha sanawathere, koma anasamuka. Madzulo asanakhome amalowa m'chipindamo, n'kusuzumira pansi pa matebulo ndi pakona paja pankakhala Maliko, akufunsa mokweza ngati mwatsala munthu.