Mango a M'chitini

Ndikukumbukira sikola yathu ya ku Cateme, malata akuthetheka ndi dzuwa, penti ya nyumba zatsopano ikadanunkha. Tinali titangosamutsidwa kuchoka kufupi ndi Moatize. Kwathu kuja kunabwera amuna a zipewa zoyera ndi makina a miyendo itatu, amvekere tikungoyang'ana basi. Anaona malasha pansi pa nyumba zathu, mapeto ake tinakwezedwa pa makamiyau, magalimoto akuluakulu a katundu, ndi mafupa a agogo omwe.

Tsiku lina aphunzitsi athu, apulofesola Jasinta, anatizungulitsira foni yawo, ili ndi chithunzi cha timadontho tofiira. Anati kumwamba kuli fumbi lalikulu lotchinga maso, koma akatswiri ali ndi makina oona kuwala kwa kutentha, kumene diso siliona, kumene kumaboola fumbilo. Ndiye kuseri kwake, kutali, apeza milalang'amba itaunjikana magulumagulu, uliwonse wa nyenyezi zosawerengeka, ikukoka ngakhale dziko lathu lino.

Anzanga ankakankhana kuti aone. Ine ayi. Makina, fumbi, chinthu chachikulu chobisika: nkhani imeneyi ndinkadziwa kumene imathera.

Ndinathawa osadikira belu, shinelo imodzi n'kuvuka kuphazi, osaitola. Ndinapeza amayi atakumba dzenje pabwalo, kamtengo ka mango kochokera kwathu kali m'chitini pambali. Ndinawauza ndili wefuwefu kuti anthu a makina aja apezanso zina, ulendo uno pamwamba pathu. Sanaseke. Anayang'ana kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe, n'kufotsera dzenjelo ndi phazi.

Titaweruka apulofesola anafika ndi shinelo yanga m'manja, akudziletsa kuseka. Anafotokoza kuti zinthuzo zili kutali moti palibe kamiyau kapena sitima ingakafikeko, anthuwo akungoyang'ana basi.

"Aja ananenanso choncho, apulofesola," anayankha amayi. "Kakhale m'chitini momwemo, kosavuta kunyamula."

Kamtengoko kanafera mommo, mizu itapotana.

Lero ndili ku Zóbuè, ndili ndi kakhanda kanga. Ndikudziwa kuti apulofesola ankanena zoona, nyenyezi sizinasamutsepo munthu. Koma sabata yatha ndinaona amuna awiri atazika miyendo itatu ija kuseri kwa msika. Akuti ndi za msewu. Kaya. Bambo a mwana anakumba kale dzenje pabwalo, m'mawa uliwonse amandifunsa kuti ndikudikira chiyani. Mango anga ali m'chitini pakhomo, ndipo mwanayu ndimam'bereka ngakhale ndikungokataya madzi kuseri kwa nyumba.