Phulusa la pachulu

Loweruka, titawotcha nyama ndi anzathu a kumpingo kuseri kwa nyumba ku Partick, kuno kutsidya la nyanja, ndinkakhuthula phulusa la m'mbaula, mphepo n'kundibwezera kumaso. Fungo lakelo linandifikitsa kwathu.

Bambo analibe mwana wamwamuna, ndiye ku uzimba ankatenga ine. Mayi ankakalipa, bambo n'kungondikweza paphewa. Chaka china nguluwe zitatithera chimanga, anandikhazika pamwamba pa chulu n'kundipatsa kathumba ka phulusa.

"Mphepo ili m'manja mwako, mwanawe. Uziwaza pang'onopang'ono. Ukangotsika, nguluwe imva fungo lathu, tibwerera chimanjamanja."

Ndinawaza mpaka zala zinatuwa. Kumunsi agalu ankauwa, mmodzi analira kamodzi n'kukhala chete. Nyerere zinandiluma m'miyendo, mkodzo unandigwira, koma sindinasunthe. Alenje anzathu atatulukira atanyamula nguluwe pamtengo, malaya a bambo atang'ambika, ndinalengeza m'mudzi monse kuti ndaipha ndine.

"Zoona," anatero bambo. "Akanapanda uyu tikanadyera masamba."

Ndazindikira ndili ndi imvi, nditapatsa mdzukulu wanga ambulera kuti andisungire, pongofuna kuti aime kutali ndi msewu. Phulusa lija linalibe ntchito ndi mphepo. Linkangondisunga ine pachulu, pomwe mano a nguluwe sakanafika.