Ndani Wayengula Mkaka wa Agogo?

Lachiwiri ndinaperekeza agogo aamuna kuchipatala ku Furancungo. Mwezi wonse akhala akuima kawiri panjira yochokera kukhola, ndipo mapazi awo atupa.

Anamwino anawamanga lamba pamkono n'kupopa. "Tensau yakwera, madala, magazi akuthamanga kwambiri. Mtima watopa. Mapiritsi ndilibe, galimoto za ku Tete sizinadutse. Mumadya chiyani?"

"Chambiko."

"China?"

"Chambiko chamadzulo."

Mkaka sanawaletse, anati umalimbitsa mafupa. Anangoti tiziyengula mafuta oyandama pamwamba tisanauthire m'chipanda, komanso tichepetse mchere. Za mchere sizinavute. Tinauona komaliza kalekale.

Inu anzanga akuno mukudziwa mwambo wa kwathu kwa Angoni. Mafuta apamwamba ndi a mwini khola, ndipo palibe amene amalawa iye asanalawe. Ng'ombe zathu anatenga anthu amfuti, inatsala imodzi. Choncho mafuta onse apakhomo amapita kwa munthu mmodzi yekhayo amene mtima wake sukuwafuna.

Lachitatu ndinayengula ndi supuni osauza munthu. Lachinayi agogo analawa n'kuika chipanda pansi.

"Ndani wadya ine ndisanadye?"

Amayi anayang'ana kudenga. Ndinavomera. Ndinafotokoza zimene tinaphunzira kusukulu, kuti mafuta amatha kuunjikana m'mitsempha, njira ya magazi n'kuchepa ngati ngalande ya m'dimba ikadzaza matope.

"Mdzukulu wanga," anatero, "amfuti anandisiyirako imodzi. Iwe wa kope ndi pensulo wabwera kudzatenga pamwamba pake?"

Tsiku lonse sanadye. Ndinaopa kuti njala iwatenga msanga kuposa tensau.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuganiza. Kwathu ulemu timaupima ndi mafuta. Nyama yonona ndi ya wamkulu, pamwamba pa mkaka ndi pa wamkulu. Mfuti zikalira timawabereka kumsana mpaka kuphiri, kuti asafe. Tikabwerera timagwada bwinobwino n'kuwapatsa chimene achipatala aletsa. Kodi timawathawitsa kuti tidzawamalize tokha mwaulemu?

Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Ndikuvomera. Koma a anamwino akagonera kwambiri, mwina womvera sadzakhalapo.

Lachisanu agogo anaitana nyumba yonse n'kugamula. Mafuta azichotsedwa ndithu, koma wochotsa ndi iwo eni, ndipo wolandira azisankha okha. Anayengula mosamala n'kupatsa azakhali, amene akuyamwitsa. Kenako agogo ananyambita supuni, mkati ndi kunja, mpaka kuchigwiriro.

"Izi anamwino sanatchule," anatero.

Ndinawasiya anyambite. Supuni imodzi ndi yochepa kuposa chikho, ndipo nkhondo ikadzatha ndikufuna adzaone khola litadzazanso.

Inu anzanga a m'kalasi, amene kwanu kwatsalako ng'ombe, mkaka wa agogo anu amayengula ndani?