Keke Sainyowetsa Ngati Khoma

Mumsewu wonse wa kuseri kwa msika panalibe amene ankawaitana dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Levulo, chifukwa pa zaka makumi atatu ndi zisanu zimene anapaka pulasitala m'nyumba za anthu, bambowa sanasiyanepo ndi levulo yawo, kachida kaja ka madzi pakati koonera ngati khoma lawongoka. Akalowa m'nyumba ya eni kudzacheza, maso awo ankayamba apereka moni ku makoma, anthu pambuyo. Ngakhale pa benchi ya kuchipatala ankatha kukukodola n'kukulozera pangodya: "Taonani apo. Amene anapaka pamenepo anali ndi njala."

Kukhitchini kwawo ankadziwako makoma okha, poti anapaka ndi iwo. Zina zonse zinali za akazi awo, Mayi a Makeke, amene anaphikira msewu wonsewo makeke kuyambira ali mtsikana. Panalibe mwana wakuderalo amene anakula osanyambitako mbale ya ayisingi wawo, uja woyera wa shuga ndi batala wopaka pamwamba pa keke. Khitchini imeneyo inkanunkhira vanila mpaka makatani, ndipo a Levulo akaweruka kuntchito ankaidziwa nyumba yawo ndi mphuno asanaione.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chimene a Levulo anapumira pantchito, mayi aja anapezeka ndi matenda a shuga. Ngati kuti zimenezo zachepa, mkaka nawo unayamba kuwatupitsa m'mimba, batala chimodzimodzi. Adokotala anawauza kuti asiye shuga, achepetse za ufa woyera, mkaka aupewe, ndipo m'mawa uliwonse aziyenda kwa ola limodzi. Mayi anamvera zonse. Kenako anatsuka zitini zawo zophikira makeke, anazipukuta chimodzichimodzi, n'kuzilongedza m'katoni.

"Wophika wosalawa ndi wabodza," anatero akumanga katoniyo ndi chingwe. "Sindingapatse anthu chinthu chimene lilime langa silinachivomereze. Loweruka likudzali mwana akabwera atenge zimenezi, azikaika maluwa kapena misomali, zake zimenezo."

Anayankhula moseka, koma a Levulo ankawadziwa akazi awo. Kwa miyezi iwiri chiwapezereni matendawo khitchini inali zii, ndipo mayi ankangokhala pakhonde manja ali pamiyendo ngati mlendo wodikira basi. Zinawapweteka mtima kwambiri bambowa. Loweruka lomwelo linali tsiku limene mayi ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo a Levulo anadziwa kuti katoni ija ikangotuluka pakhomo, sidzabweranso.

Lolemba m'mawa, mayi atangotuluka kukayenda, anaimbira foni mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito m'sitolo yaikulu ya zakudya.

"Iwe, kodi keke yopanda shuga, yopanda mkaka, yopanda ufa woyera, imatheka?"

"Imatheka, bambo. Timagulitsa ufa wa mtedza wa amondi, ndi zotsekemera zina zooneka ngati shuga koma sizikweza shuga m'magazi. Ndinawafunsa kale anesi a amayi, anati zilibe vuto akamadya pang'ono. Keke ndiphika ine. Chimene chimandikanika ndi ayisingi."

"Ayisingi si uja wopaka pamwamba?"

"Eya."

"Ndiye ukudandaula chiyani? Kupaka ndi ntchito yanga. Iwe manga khoma, pulasitala undisiyire ine."

Mwanayo anaseka mpaka kutsamwa, koma tsiku lotsatira anatumiza timakeke titatu toyeserera, zitini zisanu za mkaka wa kokonati, ndi paketi ya zotsekemera zija. Anatumizanso kapepala ka malangizo. A Levulo anakapinda bwinobwino n'kukaika m'thumba la malaya osakawerenga, poti munthu amene anapaka nyumba zosanja sangaphunzitsidwe ndi kapepala.

Lachitatu anayamba ntchito monga ankayambira masiku onse. Anagwedeza chitini cha kokonati mwamphamvu, anakhuthulira m'mbale, anathiramo zotsekemera, n'kutakasa ngati akukanya matope. Kenako anayang'ana kakeke kaja ndi diso la mmisiri. Kanali kouma. Aliyense wodziwa ntchito amadziwa kuti khoma louma limamwa madzi a pulasitala, ndipo pulasitalayo amasweka n'kugwa. Khoma amayamba alinyowetsa. Choncho anatenga burashi yatsopano, anaiviika m'kapu ya madzi, n'kuwaza keke yonse, pamwamba ndi m'mbali momwe, mpaka inakhuta. Atatero anatapa ayisingi ndi supuni yaikulu, anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuponya ndi dzanja lozolowera: phwa!

Theka la ayisingi linakagwera pa khoma lenileni. Theka linalo linayenderera pa keke n'kudzaza mbale, ndipo keke ija inayamba kuphwasuka pang'onopang'ono mpaka inangokhala phala.

A Telala, mnansi wawo wosoka zovala pakhonde la nyumba yoyandikana nayo, anamva phokosolo n'kusuzumira pawindo, tepi yoyezera ili m'khosi. Anali munthu wokonda zotsekemera moti ankasunga maswiti m'kabati ya mabatani. Anapempha supuni, analawa, ndipo m'kamwa mwawo munamveka kukukuta.

"Achimwene, mchenga uwu mwakatapa kumtsinje uti?"

A Levulo anafuna kupsa mtima, koma atalawa okha anavomera. Unalidi mchenga. Zotsekemera zija sizinasungunuke monga amachitira shuga, zinangokhala timibulu tokukutika m'mano. Madzulo ake anazembera kuseri kwa nyumba n'kuimbira mwana wawo, namufotokozera zonse mwatsatanetsatane, mpaka za burashi.

"Mwati munatani, bambo? Munanyowetsa keke?" Foni inakhala nthawi ikungomveka chikhakhali. "Kodi kapepala kaja munawerenga? Safunsa anadya phula, bambo. Chitinicho musamachigwedeze. Chiikeni mu firiji chigone momwemo. Mukatsegula mupeza zolimba zoyera zakwera pamwamba, madzi atsalira pansi. Mutape zolimbazo zokha, ndizo zilowa m'malo mwa batala."

"Nanga mchengawo?"

"Umenewo ndi umene unandigonjetsa ine."

Apa mpamene a Levulo anamva kuti afika kwawo. Mchenga ankaudziwa kuposa munthu wina aliyense mumsewumo. Pulasitala womalizira, uja wosalala woti ukadutsitsa chikhatho sumva kanthu, safuna mchenga wa mibulu. Umausefa, n'kuusefanso, mpaka ukhale ngati fumbi. Anabisa chitini cha kokonati mu firiji, kuseri kwa kabichi, akudziyamikira mumtima kuti ndi munthu wodziwa kusunga chinsinsi.

Lachinayi m'mawa anapeza sefa ili patebulo, ija ya timaboo ting'onoting'ono imene anali asanaionepo chikhalire m'nyumbamo. "Mwayi wanga lero," anatero. Anathira zotsekemera zija m'kamakina kogayira zokometsera, anagaya mpaka utsi woyera unatuluka n'kuwayetsemulitsa, kenako anasefa kawiri. Zolimba za kokonati anazipeza monga mwana ananenera. Anazimenya ndi foloko mpaka mkono unawawa, akuthira ufa wotsekemera uja pang'onopang'ono, ndipo m'mbalemo munadzuka chinthu choyera kuti mbee, chotha kuima chokha pa supuni.

Ulendo uno keke sanainyowetse, ngakhale dzanja linkayabwa. Koma popaka, nyenyeswa za keke zinkanyamuka n'kulowa mu ayisingi, pamwamba ponse n'kuoneka mathothomathotho. Anaima, anakanda m'mutu, kenako anaseka okha. Kodi khoma amalimaliza ndi ulendo umodzi? Umayamba wapaka wopyapyala woti agwire fumbi ndi kutseka maenje, n'kumusiya aume, kenako womalizira. Anapaka wopyapyala, anaika keke mu firiji kwa kanthawi, ndipo atapaka wachiwiri panasalala kuti see.

A Telala analawa atatsinzina. "Mchenga watha, ndikuvomera. Koma bwanji m'kamwa mukuzizira ngati ndangotsuka kumene mano?"

Zinalidi choncho: zotsekemera zija zinali ndi kakhalidwe kake kosiya kamphepo kozizira palilime. A Levulo anagwa mphwayi. Linali litatsala tsiku limodzi ndi kakeke kamodzi, ndipo nzeru za pa makoma zinali zitawathera, poti khoma salilawa.

Lachisanu, atasuntha kabichi uja kuti atenge chitini china chimene anabisa dzulo lake, anapeza pambali pake pali mandimu awiri. Patebulo panali kabotolo ka vanila ndi kambale ka mchere, ndiponso mpeni wopyapyala wopanda mano, wofanana kwambiri ndi chitsulo chawo chosalazira khoma. A Levulo anaganiza kuti akazi awo ayamba kuiwala zinthu paliponse, ndipo anawamvera chisoni. Komabe poti zinthuzo zinali pafupi, anayesa. Anapala khungu la ndimu, anafinyira madontho angapo, vanila pang'ono, ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Kuzizira kuja kunabisala kuseri kwa ndimu. Ndi madzi a ndimu otsala, ufa wotsekemera ndi kasupuni ka mafuta a kokonati osungunula, anapanganso wamadzimadzi wonyezimira wothira pamwamba, amene kapepala kaja kanatchula kumapeto, poti tsopano anali atakawerenga. Iwo anangomutcha vanishi, monga uja wowalitsira matabwa.

Tsiku limenelo a Telala atalawa sanapeze chodandaula. Anangonyamula mbale yonse n'kupita nayo kwawo.

Loweruka mwana anafika ndi keke yaikulu mayi ali koyenda, pamodzi ndi mwamuna wake, amene anabwera ndi galimoto yodzatengera katoni ija. A Levulo anatulutsa onse m'khitchini. Anapaka koyamba, anadikira, anapakanso, anathira vanishi, ndipo pomaliza anapukuta levulo yawo n'kuigoneka pa matambula awiri, yodutsa pamwamba pa keke osaikhudza, kuti aone. Kadontho ka mu levulo kanaima pakati penipeni. Kenako anamva chitseko chikutseguka.

Mayi analowa akupukuta thukuta, n'kuima. Anaiyang'ana keke ija nthawi yaitali.

"Amayi," anatero a Levulo, "mulibe shuga, mulibe mkaka, mulibe ufa woyera. Anesi anavomera. Mukhoza kudya."

Mayi anayandikira patebulo. Anasamba m'manja, anatenga mpeni, anadula kagawo, n'kukayang'ana m'mbali ngati mmene amuna awo amayang'anira ngodya za eni. Analuma. A Telala anali pawindo, akusuzumira.

"Ndimu mwachulutsa," anatero mayi.

Mtima wa a Levulo unagwa.

"Ndipo vanishi wanuyu mwathira akadali wofunda. Taonani watsetsereka mbali iyi, wasiya mbali iyo." Analumanso. "Kokonati simunamumenye mokwanira. Foloko si chomenyera, abambo, chomenyera chili m'katonimo." Analuma kachitatu, kenako anadula kagawo kena. Pamenepo mpamene a Levulo anaona kuti misozi ikutsika m'masaya mwa akazi awo, ikudutsa pa kadontho ka ayisingi kamene kanamatirira pamlomo.

"Zaka makumi anayi ndaphikira msewu wonse uno," anatero mayi motsitsa mawu. "Palibe ndi mmodzi yemwe anandipangirapo keke ine. Woyamba ndi munthu wosadziwa kumene kumakhala masamba a tiyi."

Mkamwini, amene ankafuna kuthandiza koma osadziwa pogwira, anawerama n'kunyamula katoni ija. "Ndikaike m'galimoto, amayi?"

"Tsitsani, bambo, tsitsani. Zitini zimenezo zili ndi ntchito. Kuchipatala kuja tilipo ambiri pa benchi amene tinaiwala kukoma kwa keke, ndipo tsopano ndikhoza kulawa chimene ndikuwapatsa. Komanso ndili ndi wophunzira woti ndimuwongole. Munthu wonyowetsa keke ndi burashi sungamusiye yekha m'khitchini."

A Levulo anatembenukira kwa mwana wawo ndi diso loopseza. Mwanayo anakweza manja onse awiri, akulumbira kuti sanaulule.

"Musiyeni mwana," anatero mayi akumasula chingwe cha katoni. "Burashi munaisiya pa sinki ili ndi nyenyeswa, ndipo khoma lanu lokongolalo ndinalipukuta ndine. Mukuganiza kuti sefa ija inayenda yokha? Mandimu aja anamera mu firiji?"

A Telala anaseka mpaka tepi inagwa m'khosi. A Levulo anangogwira pakamwa, manyazi ndi chimwemwe zitawagwira nthawi imodzi. Mayi anatulutsa epuloni yawo yakale m'katonimo, anaikung'untha, anaimanga m'chiuno, n'kuloza chitini cha kokonati chimene chinatsala patebulo.

"Ikani icho mu firiji, mawa tiyambe bwinobwino. Koma muike kutsogolo, abambo. Kabichi uja watopa kukubisirani."